Moni wosintha ndi tsiku pa tsamba la intaneti: tsiku lake ndi la ndani?

Funso: Ndine mlembi wa gulu la anthu amene tinaphunzira pa sekondale imodzi. Ena tili kuno kumudzi, ena ali ku Johannesburg, ena ku London. Ndinapanga katsamba ka gulu lathu, ndipo ndikufuna kuti pamwamba pake pazituluka moni wogwirizana ndi tsiku: Khirisimasi, Chaka Chatsopano, 6 Julayi ndi masiku ena. Mu JavaScript, chilankhulo cholamulira zochita za tsamba, ndinalemba kuti mwezi ukakhala 7, tsiku n'kukhala 6, patuluke moni wa ufulu wodzilamulira. Pa 6 Julayi sipanaoneke kanthu, koma pa 6 Ogasiti moni uja unatuluka. Ndinalakwitsa pati? Nanga Pasaka ndi Eid ndizichita bwanji, poti madeti ake sakhazikika? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Achimwene, za pa 6 Ogasiti zija n'zosavuta kukonza. JavaScript imawerenga miyezi kuyambira pa 0. Januwale ndi 0, Febuluwale ndi 1, Julayi ndi 6, Disembala ndi 11. Inu polemba 7 mumanena Julayi, kompyuta inamva Ogasiti, ndipo inachita zimene munailamula. Chimene chimasokoneza n'chakuti masiku a mwezi okha amayambira pa 1 ngati pa kalendala wamba. `getMonth()` imapereka 0 mpaka 11, pamene `getDate()` imapereka 1 mpaka 31.

Gwero lake n'lakale. Brendan Eich analemba JavaScript mu 1995 ali ku kampani ya Netscape, pa masiku khumi okha, atauzidwa kuti ioneke ngati Java, chilankhulo china cha makompyuta. Gawo la madeti linatengedwa ku Java momwe linalili, ndi kawerengedwe kake ka miyezi komwe. Eni ake a Java anasiya kulimbikitsa njira zakalezo patangopita zaka zochepa, koma JavaScript sikanatha kusintha, chifukwa masamba osawerengeka anali atalembedwa kale modalira 0 ameneyo, ndipo onsewo akanasokonekera tsiku limodzi. Pali njira yatsopano yotchedwa Temporal imene imawerenga Januwale ngati 1, koma sinafike m'mafoni onse, makamaka akale, ndiye pa tsamba la gulu ngati lanu sindingakulangizeni kuidalira pakali pano.

Chenjerani ndi mayina ena awiri. `getDay()` si tsiku la mwezi ayi, ndi tsiku la sabata: 0 ndi Lamulungu, 1 Lolemba, 2 Lachiwiri, mpaka 6 Loweruka. Ndipo chaka muzichitenga ndi `getFullYear()`. Mukapeza khodi yakale yokhala ndi `getYear()`, itayeni: imeneyo imachotsa 1900 pa chaka, n'chifukwa chake chaka cha 2000 chitafika inapereka 100, ndipo masamba ena amene ankangoika 19 kutsogolo analemba kuti 19100.

Nayi khodi imene ndingayambire:

```html
<p id="moni">Takulandirani.</p>

<script>
const masikuApadera = {
  "1-1": "Chaka chabwino chatsopano!",
  "7-6": "Tsiku labwino la ufulu wodzilamulira!",
  "10-15": "Ulemu kwa anakubala onse.",
  "12-25": "Khirisimasi yabwino!"
};

const lero = new Date();
const kiyi = (lero.getMonth() + 1) + "-" + lero.getDate();

if (masikuApadera[kiyi]) {
  document.getElementById("moni").textContent = masikuApadera[kiyi];
}
</script>
```

Onani kuti 1 uja tamuwonjezera malo amodzi okha, popanga kiyi, mawu ngati "7-6" amene khodi imafufuzira moni pa mndandanda. Kuchokera pamenepo 7 ndi Julayi basi, ndipo mnzanu amene adzalandire ulembi inu mukadzatula pansi adzatha kuwonjezera tsiku pa mndandandawo ngakhale asakudziwa JavaScript. Ichi ndimachiona chofunika kuposa kufupika kwa khodi. Anthu ambiri amalemba `if` pambuyo pa `if` mpaka mizere makumi atatu, madeti ndi mawu a moni zili zosakanikirana ndi malamulo a pulogalamu, ndipo pakapita chaka iwo eni amaopa kuzigwira. Madeti akhale pawokha, malamulo akhale pawokha.

Onaninso kuti mawu akuti "Takulandirani" alembedweratu mu HTML. Tsiku likakhala wamba, kapena foni ikalephera kuyendetsa JavaScript chifukwa netiweki yaduka tsamba lisanamalize kutseguka, mlendo apezabe moni osati malo opanda kanthu. Ndipo `<script>` ili pansi pa `<p>` mwadala: ikakhala pamwamba, imafunafuna ndime imene sinabadwe, n'kulephera.

Pali msampha wina umene umagwira ife olemba Chichewa kuposa ena. Mawu athu ali ndi kachizindikiro kaja ka mu m'mawa, n'kale, M'busa, ng'oma. JavaScript imalola kuti mawu mutsekere ndi chizindikiro chimodzi chotere kapena ndi ziwiri. Mukatsekera ndi chimodzi n'kulemba 'Moni wa m'mawa', kompyuta imaona ngati mawu athera pa m uja, ndipo khodi yonse imaima, osati mzere umodziwo wokha. Muzitsekera ndi ziwiri nthawi zonse, monga ndachitira pamwambapa. Ngati mumalemba Malaŵi ndi ŵ, onetsetsani kuti pamutu pa tsamba pali `<meta charset="utf-8">`, apo ayi chilembocho chidzasanduka zinyalala.

Tsopano tifike pa nkhani imene simunafunse koma ndiyo yaikulu kwa gulu lanu. `new Date()` sifunsa Lilongwe kuti lero ndi pa chani. Imafunsa foni kapena kompyuta ya munthu amene watsegula tsambalo. Pansi pamtima pake deti la JavaScript ndi nambala imodzi, kuchuluka kwa mamilisekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970 pa nthawi ya UTC (nthawi imene mawotchi a mayiko onse amayerekezerapo), ndipo `getMonth()`, `getDate()` ndi `getHours()` zimamasulira nambalayo potsata dera limene foni yaikidwa. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse, sitisuntha wotchi. Johannesburg, Lusaka ndi Harare zili chimodzimodzi, ndiye anzanu a ku Joni palibe vuto. A ku London ndiwo amasiyana: kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala amakhala kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, miyezi inayo ndi maola awiri. Wina akadzasamukira ku Toronto, kusiyana kudzakhala maola 6 kapena 7.

Ndiye pa moni uliwonse dzifunseni kuti tsikulo ndi la ndani. Ine ndimagawa chonchi. Chaka Chatsopano ndi Khirisimasi ndi za munthu pamene ali. Ku Zomba ikamakwana 12 koloko usiku wa pa 31 Disembala, ku London ili 10 koloko, ndipo mnzanuyo sanalowe chaka; kumuuza kuti walowa n'kumudyera chisangalalo chake. Pamenepa wotchi ya foni yake ndiyo yolondola, ndipo khodi ya pamwambayi ikuchita bwino. Koma 6 Julayi, 3 Malichi ndi 15 Januwale ndi masiku a dziko. Amayamba kukacha kuno, amatha kukada kuno, ndipo ndi bwino kuti gulu lonse lione uthenga umodzi nthawi imodzi. Pa masiku amenewa tengani deti la ku Malawi:

```js
const kwathu = new Date(Date.now() + 2 * 60 * 60 * 1000);
const kiyiYaKwathu = (kwathu.getUTCMonth() + 1) + "-" + kwathu.getUTCDate();
```

Tawonjezera maola awiri pa nthawi ya UTC, kenako n'kuwerenga ndi `getUTCMonth()` ndi `getUTCDate()`, zimene sizilabadira dera la foni. Njira imeneyi ikugwira chifukwa choti Malawi sasintha wotchi. Musaikopere pa dziko limene limasintha. Njira yovomerezeka kwa mayiko onse ndi `Intl.DateTimeFormat` yokhala ndi `timeZone: "Africa/Blantyre"`, limene ndi dzina la dera lathu pa mndandanda wa nthawi za dziko lonse umene makompyuta amatsata. Mukatero mukhala ndi mindandanda iwiri, wa masiku a dziko ndi wa masiku a munthu. Khodi iyang'ane wa dziko kaye, ikasowa iyang'ane winawo, ikasowanso isiye "Takulandirani".

Ngati mukufuna moni wa nthawi ya tsiku, umenewo ndi wa wotchi ya mlendo popanda kukambirana. `getHours()` imapereka 0 mpaka 23. Kuyambira 5 mpaka 11 lembani "Mwadzuka bwanji?", kuyambira 12 mpaka cha m'ma 9 koloko usiku "Mwaswera bwanji?", ndipo pakati pa usiku ingosiyani "Takulandirani", chifukwa munthu amene watsegula tsamba 2 koloko usiku sanadzuke, mwina sanagone n'komwe. Chonde mulembe mwaulemu, "Mwadzuka" osati "Wadzuka". Simudziwa amene ali kuseri kwa foniyo. Akhoza kukhala aphunzitsi anu akale.

Wotchi ya mlendo ili ndi chofooka chimodzi: ikhoza kunama. Foni imene batire yake inatheratu kapena inachotsedwa nthawi zina imabwerera ku deti la ku fakitale, ndipo kompyuta yakale imene kabatire kake ka mkati kanatha imaiwala tsiku ikangozimitsidwa. Munthu wotere adzaona moni wolakwika, ndipo khodi ya mu browser (pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti) singachitepo kanthu. Pa moni si mlandu waukulu. Koma musadzagwiritse ntchito njira yomweyi potseka fomu ya zopereka kapena ya chisankho cha komiti pa tsiku lomaliza, chifukwa aliyense akhoza kubweza deti la foni yake n'kulowa. Zinthu zotero zimafuna wotchi ya seva, kompyuta imene imasunga tsamba lanu.

Ngati tsamba lanu lili pa seva yoyendetsa chilankhulo cha PHP, monga momwe masamba a WordPress alili, deti mukhoza kulitenga kumeneko. Mumayamba ndi `date_default_timezone_set("Africa/Blantyre")`, chifukwa maseva ambiri ali kunja ndipo amayendera UTC kapena nthawi ya kwawoko, kenako `date("n")` imapereka mwezi, 1 mpaka 12, ndipo `date("j")` imapereka tsiku. Mu WordPress dera mumalisankha pa Settings, ndipo pamakhala `wp_date()` imene imatsata zimene mwasankhazo. Ubwino wake aliyense amaona chimodzimodzi ngakhale foni yake itasokonekera. Kuipa kwake ndi cache. Pofuna kuti tsamba lizitseguka msanga, maseva ambiri amasunga tsamba lophikaphika n'kumagawira aliyense wobwera, ndiye pa 26 Disembala alendo amapatsidwa mkute wa Khirisimasi. Kwa katsamba ka gulu, ine ndingakhale pa JavaScript, popeza imawerenga tsiku mwatsopano nthawi iliyonse tsamba likatsegulidwa, ngakhale HTML yake itachokera mu cache.

Za masiku oyendayenda. Pasaka imagwa Lamulungu loyamba pambuyo pa mwezi wathunthu woyamba kuchokera pa 21 Malichi, malinga ndi mawerengedwe a mpingo amene mizu yake imafika ku msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325. N'chifukwa chake imayendayenda pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Masamu ake alipo. Katswiri wa masamu Carl Friedrich Gauss anasindikiza njira yake mu 1800, ndipo mukhoza kuilemba m'mizere khumi ndi ingapo. Koma funsani ngati mukuifunadi. Khodi imene simukuimvetsa simungaikonze ikalakwa, ndipo tsamba la gulu silifuna Pasaka ya chaka cha 2090. Lembani madeti a zaka zingapo pa mndandanda wachitatu, wokhala ndi chaka pa kiyi:

```js
const oyendayenda = {
  "2026-4-3": "Lachisanu Loyera.",
  "2026-4-5": "Pasaka yabwino!",
  "2027-3-26": "Lachisanu Loyera.",
  "2027-3-28": "Pasaka yabwino!"
};
```

Lachisanu Loyera ndi masiku awiri Pasaka isanafike, Lolemba la tchuthi ndi tsiku lotsatira. Kiyi yake mumaipanga monga kale, kungoyambitsa ndi `getFullYear()`.

Eid al-Fitr ndi nkhani ina, ndipo pano ndikulankhula motsindika: musaiwerengere ndi khodi. Chaka cha Chisilamu chimatsata mwezi wakumwamba, chili ndi masiku pafupifupi 354, ndiye Eid imabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka ndi chaka. Zimenezo makompyuta amatha kuyerekeza. Chimene sangathe ndi kuona mwezi. Ramadan imatha mwezi watsopano ukaoneka ndipo atsogoleri a Chisilamu akalengeza, ndipo zimachitika kuti mayiko awiri amachita Eid masiku osiyana. Browser ili ndi kalendala ya Chisilamu yowerengera mwa masamu, koma ikhoza kuphonya ndi tsiku limodzi, ndipo tsiku limodzilo si laling'ono: kulembera munthu "Eid Mubarak" iye akusalabe kudya ndi kumuonetsa kuti simunafunse. Dikirani chilengezo madzulo ake, lowani, lembani mzere umodzi pa mndandanda. Ngati m'gulu lanu muli Msilamu, m'pempheni kuti azikutumizirani uthenga chikangomveka.

Chenjeraninso ndi mindandanda ya tchuthi yokopera pa intaneti. Tsiku la Anakubala kuno ndi pa 15 Okutobala. Ku South Africa ndi ku America limagwa Lamulungu lachiwiri la Meyi, ku Britain Lamulungu lachinayi la nyengo ya Lenti. Khodi yokopera idzakupatsani limodzi la amenewo. Masiku athu okhazikika lembani nokha: 1 Januwale, 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi la apantchito, 14 Meyi la Kamuzu, 6 Julayi, 15 Okutobala, 25 ndi 26 Disembala.

Apa ndiye ndikufuna mukhalepo kanthawi, chifukwa khodi ikhoza kukhala yolondola koma mawu n'kukhala ochititsa manyazi. Pali chizolowezi chopanga chiganizo chimodzi, "Tsiku labwino la…", n'kumangosintha dzina kumapeto. Pa 6 Julayi zikuyenera: ndi tsiku limene dziko linalandira ufulu mu 1964, n'kukhala Republic pa deti lomwelo mu 1966, ndipo mukhoza kuwonjezera zaka pochotsa 1964 pa `getFullYear()` kuti nambala izisintha yokha. Koma 3 Malichi si tsiku la chikondwerero. Pa tsikuli mu 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, Dr Banda ndi atsogoleri ena a chipani cha Nyasaland African Congress anamangidwa, ndipo anthu anawomberedwa pa doko la Nkhata Bay. Pamenepo sipafunika chizindikiro chofuula kapena zithunzi za mabaluni. Lembani kuti "Lero tikukumbukira amene anafera dziko lino." Chimodzimodzi pa 15 Januwale: "Lero tikukumbukira M'busa John Chilembwe," amene anatsogolera kuukira kwa mu Januwale 1915 kuchokera ku Mbombwe, ku Chiradzulu, n'kuphedwa pasanathe masabata awiri. Lachisanu Loyera nalonso silifunirana zabwino ngati Khirisimasi. Ichi n'chifukwa china chimene mndandanda uja uli ndi chiganizo chathunthu pa tsiku lililonse: tsiku lililonse liyankhulidwe ndi mawu ake. Ndipo poti gulu lanu ndi la sukulu, osati la mpingo, muli Akhristu, Asilamu ndi ena amene sakondwerera masiku ena. Kambiranani mu komiti masiku amene alowe, isakhale nkhani ya mlembi yekha.

Mwina mudzafuna moni wa nyengo osati wa tsiku limodzi, mwachitsanzo kuyambira pa 20 Disembala mpaka pa 2 Januwale. Sandutsani deti kukhala nambala imodzi: mwezi kuchulukitsa ndi 100, kuwonjezera tsiku. 20 Disembala ndi 1220, 2 Januwale ndi 102. Nyengo ikakhala mkati mwa chaka chimodzi mumanena kuti nambala ikhale yoposa chiyambi *ndiponso* yochepera mapeto. Koma iyi ikudumpha chaka, ndipo palibe nambala imene ingapose 1220 n'kucheperanso 102 nthawi imodzi. Pamenepa pamafunika *kapena*: `n >= 1220 || n <= 102`. Ambiri amalemba `&&` apa n'kudabwa kuti moni sukutuluka. Tsiku lenileni likhale patsogolo pa nyengo, kuti pa 25 Disembala patuluke moni wa Khirisimasi osati wa nyengo yonse.

Musadikire Julayi wina kuti mudziwe ngati zakonzeka. Sinthani kwa kanthawi mzere wa `lero` ukhale `new Date(2026, 6, 6)`, amene ndi 6 Julayi 2026 (0 uja ali pomwepanso), tsegulani tsamba, onani; poyesa masiku a dziko, mu mzere wa `kwathu` ikaninso `lero.getTime()` m'malo mwa `Date.now()`. Yesani tsiku lililonse la pa mndandanda, dzulo lake ndi mawa lake, komanso 29 Febuluwale wa chaka ngati 2028. Poyesa pewani kulemba deti ngati mawu, `new Date("2026-07-06")`. JavaScript imawerenga zimenezo ngati pakati pa usiku pa UTC. Kuno imeneyo ndi 2 koloko m'mawa wa pa 6, ndiye kwa inu zidzaoneka bwino, koma kwa munthu wa ku Toronto likadali tsiku la pa 5. Dziwaninso kuti JavaScript sikana deti losatheka: mukaipatsa 30 Febuluwale 2026 imangolisandutsa 2 Malichi osanena kanthu. Mukamaliza, bwezerani `new Date()` yopanda kanthu mkati. Tsamba likangokakamira pa moni umodzi miyezi yonse, yambani kuyang'ana pamenepo. Pomaliza pemphani mnzanu wa ku London atsegule tsambalo cha m'ma 11 koloko usiku kwawo pa 5 Julayi, akuuzeni chimene akuona.

Katsala kanthu kamodzi. Tchuthi cha boma chikagwa Loweruka kapena Lamulungu, anthu amapuma Lolemba lotsatira. Mu 2025, 6 Julayi inali Lamulungu, ndipo tchuthi chinali Lolemba pa 7. Moni wa ufulu ukhale pa 6 pomwepo, chifukwa chikumbutso sichisuntha. Koma mukadzafuna kuti tsamba lizilengezanso kuti ofesi ya gulu ndi yotseka kapena msonkhano wa Lolemba kulibe, umenewo ndi mndandanda wina, ndipo ndi pamene `getDay()` idzakuthandizeni: ikapereka 6 wonjezerani masiku awiri, ikapereka 0 wonjezerani limodzi. Pa Khirisimasi musadalire masamu amenewa, popeza 25 ndi 26 zikagwa Loweruka ndi Lamulungu zonse zimathamangira Lolemba limodzi. Chaka chotero tsatirani chilengezo cha boma n'kulemba madetiwo pamanja.